Gulu lanu silinagwetsedwe ndi gulugufe

Mayi wina wa ku Katete wandilembera imelo. Gulu lawo la banki ya m'mudzi linayenda bwino zaka zitatu, kenako linabalalika pa miyezi iwiri yokha. Mmodzi sanabweze ngongole, ena anatsatira, bokosi linatsala lopanda kanthu. Mwana wa achimwene awo yemwe ali ku yunivesite anawauza kuti imeneyo ndi chaos theory, zochita za anthu sizilosereka, palibe chimene akanachita. Akufunsa ngati n'zoona, komanso ngati ayambitsenso gulu.

Mlongo wanga, funso lanu landikhudza kwambiri, chifukwa mawu ngati amenewo ndinawamvapo pamaso pa anthu amene anali atataya chaka chathunthu cha thukuta lawo.

Mnyamatayo wawerenga zinthu zenizeni, koma wasiyira panjira. Mu 1961, Edward Lorenz, katswiri wa zanyengo pa yunivesite ya MIT ku America, ankayesa kulosera nyengo ndi kompyuta. Tsiku lina pobwereza masamu ake analemba 0.506 m'malo mwa 0.506127. Kusiyana kwake n'kochepetsetsa, koma nyengo imene kompyutayo inatulutsa inapita kwina kotheratu. Mu 1972 m'pamene anafunsa funso lotchuka lija, loti kodi gulugufe akakupiza mapiko ku Brazil angayambitse kamvuluvulu ku Texas. Komatu Lorenz sananene kuti nyengo ilibe malamulo. Anapeza kuti sungadziwe za tsiku lakutilakuti lomwe lili kutali. Palibe angakuuzeni lero ngati pa 20 December mvula idzagwa mu Chipata, koma aliyense akudziwa kuti October ndi wotentha ndipo January ndi wa mvula. Tsiku silidziwika, kayendedwe kake kamadziwika.

Ine ndinali mlembi wa kopaletivu ina kufupi ndi Chadiza. Mu 2016 soya anagulidwa bwino, ndipo amene analima anakhoma malata, ena anagula njinga zamoto. Mudzi wonse unaona. Nyengo yotsatira kunabwera anthu a bungwe lina ndi galimoto yoyera, atanyamula mapepala. Anatiwerengera phindu: malima awiri a soya, matumba akutiakuti, kuchulukitsa ndi mtengo. Mtengo wake unali wa chaka chathacho. Madala ena anafunsa kuti, "Nanga a ku Petauke ndi ku Lundazi nawonso akalima, adzagula ndani?" Anayankhidwa kuti msika ulipo, asadere nkhawa. Azakhali anga, amene moyo wawo wonse analima mtedza wa chalimbana, anausiya chaka chimenecho n'kudzala soya munda wonse, mbewu yake ya ngongole.

Mu 2017 soya anachuluka m'dziko lonse ndipo mtengo unagwa koopsa. Mavenda anakhazika masikelo m'mbali mwa msewu n'kumatchula mtengo umene akufuna, podziwa kuti mlimi alibe kwina kopita. Azakhali anasunga matumba awo miyezi ingapo kudikira kuti zisinthe, mpaka fizi ya adzukulu itawakakamiza. Anagulitsa, ngongole inatsala, ndipo m'nyumba munalibe ngakhale mtedza wosinjira ndiwo. Pa msonkhano wotsatira, mkulu wa bungwe lija anaimirira n'kunena kuti misika siilosereka, palibe akanadziwa.

Ndikukana mpaka lero. Zinali zodziwika. Akatswiri a zachuma anazilemba kalekale, ndipo mu 1934 Nicholas Kaldor anazipatsa dzina la ukonde wa kangaude, potengera mmene mizere yake imazungulirira papepala. Mlimi amadzala poyang'ana mtengo wa chaka chatha koma amagulitsa pa mtengo wa chaka chino, ndiye mtengo ukakwera onse amathamangira mbewu imodzi n'kuugwetsa, ukagwa onse amathawa n'kuukweza. Funsani amayi ogulitsa tomato pa Saturday Market kapena ku Kapata, akuuzani zomwezi osatsegula buku. Madala aja anafunsa funso loyenera. Amene anali ndi mapepala ndiwo anaiwala kuti mlimi aliyense amayang'ana munda wa mnzake, ndipo langizo lomwe ndi labwino kwa munthu mmodzi limasanduka tsoka likapatsidwa kwa chigawo chonse.

Ndiye ndikamva munthu wophunzira akugwiritsa ntchito sayansi ya Lorenz ija posamba m'manja, mtima umandiwawa. Sayansi imeneyi ikuti zinthu n'zolumikizana, choncho tsegula maso kwambiri. Onani 2024. Mvula inadula, ndipo pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko. Madzi anachepa ku Kariba, malaiti anayamba kuzima maola ambirimbiri, zigayo zamagetsi zinaima, owotcherera ndi ometa anakhala manja lende, ndipo mwana wa m'tauni amene amatumiza ndalama kumudzi analephera kutumiza pa nthawi yomwe chimanga chinapserera. Mabanja amene anali ndi chinangwa, mbatata kapena dimba anapumako pang'ono. Kusiyanitsa mbewu kumene agogo athu ankachita sikunali umbuli ayi.

Anthu 100 a Granovetter

Tsopano za bokosi lanu. Mu 1978 Mark Granovetter, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, anapereka chitsanzo cha anthu 100 amene asonkhana pabwalo. Woyamba angaswe zenera popanda womutsogolera. Wachiwiri amaswa akaona mmodzi waswa, wachitatu akaona awiri, mpaka womaliza amene amadikira anthu 99. Woyamba akangoponya mwala, onse 100 amalowa m'chipolowe. Koma musinthe munthu mmodzi yekha: wachiwiri uja akhale wodikira kuona anthu awiri. Woyamba aponya mwala wake, palibe womutsatira, nkhani yathera pomwepo. Magulu awiriwa ndi ofanana pafupifupi m'zonse, koma mathero ake ndi osiyana kotheratu.

Anthu a gulu lanu sanasanduke akuba mwadzidzidzi. Ambiri ankabweza chifukwa ankaona anzawo akubweza. Woyamba atalephera n'kuona kuti palibe chachitika, wachiwiri anadzifunsa kuti avutikirenji yekha, ndipo pofika wachisanu ngakhale okhulupirika anaopa kuponya ndalama m'bokosi lobooka. Simukanadziwa mwezi wake kapena dzina la woyambitsa. Pamenepo mnyamatayo akunena zoona. Koma malo ogwirapo analipo, pakati pa woyamba ndi wachiwiri.

Elinor Ostrom, amene analandira mphoto ya Nobel pa zachuma mu 2009, anafufuza magulu osamala nkhalango, madzi othirira ndi nsomba m'maiko ambiri. Anapeza kuti okhalitsa amapanga okha malamulo awo, amayang'anirana okha, ndipo chilango chawo chimayamba chaching'ono n'kumakula munthu akabwereza.

Yambitsaninso, mlongo wanga, koma ndi anthu ochepa odziwana. Buku liziwerengedwa mokweza pa msonkhano uliwonse. Wochedwa kubweza mumuyendere sabata yomweyo anthu awiri kapena atatu, mumve vuto lake, mugwirizane tsiku, ndipo kachindapusa kakhale kochepa koma kosakhululuka. Musabwereketse bokosi lonse kwa anthu amene onse akudikira kukolola mbewu imodzi.