Funsani Adokotala: X-ray yati mafupa ali bwino, koma zala zikutupabe

FUNSO: Adokotala, ndine mayi wa zaka 41, ndimagulitsa tomato ndi kapenta pamsika wa Kapata kuno ku Chipata. Uno ndi mwezi wachisanu zala za manja onse awiri zikutupa, pamodzi ndi polumikizira dzanja ndi mkono. M'mawa manja amauma gwaa, moti kufinya chitenje kapena kugwira mthiko ndimalephera mpaka dzuwa litakwera. Anandijambula X-ray n'kundiuza kuti mafupa ali bwinobwino. Apongozi akuti ndi zakumudzi, ndikatemetse mphini. Dokotala wina wati mwina ndi nyamakazi, ndipo watchula zokajambulitsa MRI ku Lusaka. Kodi makinawo akaona chiyani chimene X-ray yalephera kuona? Kodi si oopsa? Ndalama ya ulendowo ndi mpamba wanga womwe. Ndine mayi wa ku Kapata.

YANKHO: Mayi, pepani ndi ululuwo. Musalole munthu kukuuzani kuti poti X-ray yatuluka yoyera ndiye kuti simukudwala. Manja onse awiri, mfundo zing'onozing'ono, kuuma kwa m'mawa kopitirira ola, komanso kwa milungu yoposa 6, zonsezi zikuloza ku nyamakazi imene kuchipatala timaitcha rheumatoid arthritis. Imagwira akazi kawiri kapena katatu kuposa amuna. Wotsimikiza ndi dokotala amene akugwireni manjawo, koma amene anakutchulirani nyamakaziyu sanaphonye.

Mfundo iliyonse ndi yokutidwa m'kati ndi kanembanemba kopyapyala kotulutsa timadzi tofewetsa. Pa matendawa chitetezo cha m'thupi chimasokonezeka n'kuyamba kulimbana ndi kanembanembako. Kamatupa, kukhuthala, kudzaza madzi, kenako pang'onopang'ono kamayamba kudya m'mphepete mwa fupa. X-ray imaona bwino zinthu zolimba zokha. Zili ngati chiswe mu mtanda wa denga: kunja mtengo umaoneka wamphumphu pomwe ntchito ili m'kati. Kudyeka kwa fupa kumaoneka pa X-ray patapita miyezi yambiri, mwina chaka kapena ziwiri, ndipo chala chikapindika sichiwongokanso ndi mankhwala.

MRI imagwira ntchito mwina. Ili ndi maginito amphamvu kwambiri, ndipo pogwiritsa ntchito mafunde a wailesi imajambula mmene madzi agawikira m'thupi. Malo otupa amasunga madzi ambiri, choncho amawala pachithunzi. Dokotala amatha kuona kanembanemba kokhuthala kaja, kutupa kozungulira mitsempha yokoka zala, ndi timaenje tating'ono pafupa tisanaoneke pa X-ray. Chimene ine ndimachiona chofunika koposa ndi madzi olowa m'mafuta a m'kati mwa fupa. Palibe X-ray kapena sikani wamba imene imaona zimenezi, ndipo pamene zaoneka ndi pomwe fupa limadzadyeka kutsogolo ngati munthu salandira mankhwala.

Za kuopsa, mtima pansi. MRI ilibe cheza chonga cha X-ray kapena sikani ya CT. Amakugonekani pakabedi kolowa mu mphako ya makinawo, nthawi zambiri chafufumimba dzanja mutalitambasulira kutsogolo, kwa mphindi 30 mpaka 45 osagwedezeka. Makina amagogoda mwaphokoso ndithu, n'chifukwa chake amakupatsani zotseka m'makutu. Kawirikawiri amabaya mankhwala otchedwa gadolinium mumtsempha kuti potupa pawale bwino. Ngati muli ndi vuto la impso kapena muli ndi pakati, neneranitu. Choopsa chenicheni ndi chitsulo. Mphete, ndolo, mapini a m'tsitsi, makiyi, foni ndi kachikwama ka makobidi komanga m'chiuno zonse zimatsala panja. Ngati munaikidwa kamakina ka mtima, chitsulo pa opaleshoni kapena lupu, auzeni kuti aone ngati n'zololedwa. Abambo owotcherera zitsulo ndimawakumbutsa padera za tizidutswa totsalira m'maso.

Komabe sindingakuuzeni kuti mudye mpamba pa ulendo wa makilomita oposa 550 pa Great East Road musanachite zapafupi. Odwala ambiri a nyamakazi iyi timawazindikira popanda MRI. Ndondomeko imene mabungwe a madokotala a nyamakazi a ku America ndi ku Ulaya anatulutsa mu 2010 imayang'ana kuchuluka kwa mfundo zotupa, kutalika kwa nthawi, ndi magazi. Dokotala afinye mfundo imodziimodzi n'kuwerenga zotupa. Pemphani kuyezedwa ESR kapena CRP, zimene zimasonyeza kutupa m'thupi, ndiponso zizindikiro za nyamakaziyi m'magazi zotchedwa rheumatoid factor, ndi anti-CCP ngati ikupezeka. Muyezetsenso kachilombo ka HIV, chifukwa nako kamabweretsa kutupa kwa mfundo. Sikani ya ultrasound, mtundu womwe uja wojambulira amayi apakati, imaonetsanso kutupa kwa zala ikakhala ndi kachipangizo koyenera ndi munthu wozolowera ntchitoyo.

MRI imathandizadi pamene zinthu sizikumveka: magazi sakuonetsa kanthu, kutupa sikukugwirika bwino ndi manja, koma ululu ukupitirira. Imathandizanso bondo limodzi, nyonga kapena msana zikamakayikitsa kuti ndi TB, kapena wodwala nyamakazi akayamba kumva khosi ndi dzanzi m'mikono. Koma kwa inu amene kutupa kukuoneka ndi maso, chimene ndikuopa ndi chakuti mungathe miyezi ina itatu mukusonkha ndalama ndi kudikira tsiku, mankhwala musanayambe. Miyezi yoyambirirayi ndi imene mafupa amapulumukirapo.

Brufen ndi diclofenac amaziziritsa ululu koma saletsa fupa kudyeka, ndipo mukawamwa nthawi yaitali amapweteka m'mimba ndi impso. Prednisolone wogula mwamseri musamuyambe nokha. Mankhwala oletsa matendawo ndi monga methotrexate, amene amamwedwa kamodzi pa mlungu, osati tsiku lililonse, pamodzi ndi folic acid. Amafuna kuyeza magazi ndi chiwindi pafupipafupi, samwedwa ndi mayi wapakati kapena wofuna kutenga pakati, ndipo mphamvu yake imamveka patapita mwezi umodzi kapena iwiri. Apongozi akukufunirani zabwino, muwayankhe mwaulemu, koma mphini imathera pakhungu pomwe kutupa kuli m'kati mwa mfundo, ndipo bala la lezala pa munthu womwa mankhwala ochepetsa chitetezo silichedwa kutukusira.

Mfundo imodzi ikatupa mwadzidzidzi, kufiira, kutentha, thupi nalo n'kutentha, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mukhoza kukhala mafinya. Dokotala wanu akaona magazi n'kunenabe kuti MRI ndi yofunika, mufunseni kuti chithunzicho chisintha chiyani pa mankhwala anu. Tengani kalata yotumizira, X-ray yakale ija ndi zotsatira za magazi, funsani ngati inshuwalansi ya zaumoyo ya NHIMA ingakulipirireni, ndipo musakwere basi musanapatsidwe tsiku lokajambulidwa.