Mulungu ndimamuthokoza, koma amuna anga zimandikanika

Sabata yatha mayi wina ananditumizira imelo. Akuti ali pabanja zaka 11, amawerenga Baibulo m'mawa uliwonse, ndipo kuthokoza Mulungu sikuwavuta. Koma kunena "zikomo" kwa amuna awo pakamwa pamalemera. Funso lawo linali lakuti: "Munthu n'kumuthokozeranji pa zinthu zomwe ndi udindo wake kale?"

Mayi, funso lanuli landifika pamtima, chifukwa nanenso ndinkaganiza choncho.

Tsegulani Akolose 3. Ambirife tikafuna za banja timathamangira ndime 18 ndi 19, pomwe Paulo akulangiza akazi ndi amuna. Bwererani m'mbuyo pang'ono. Ndime 15 ikuti tikhale oyamika, 17 ikubwereza zomwezo, kenako m'pomwe Paulo akulowa m'nyumba. Ku Aefeso 5 n'chimodzimodzi: kuyamika pa 20, kugonjerana pa 21, za banja pa 22. Paja Paulo sanalembe manambalawa. Manambala a ndime za Chipangano Chatsopano anabwera ndi wosindikiza mabuku wina, Robert Estienne, mu 1551. Akhristu a ku Kolose ankangomva kalata ikuwerengedwa, kuyamika ndi ukwati zili pamodzi.

Mwina mukuti kuyamika kumeneko n'kwa Mulungu. Zoona. Koma tamvani.

Mwana wathu atadwala malungo, thupi linatentha usiku wonse. Ine tulo tinandiba cha m'ma 2 koloko. Kutacha ndinapeza mwana wapezako bwino, ndinagwada n'kuthokoza Ambuye ndi misozi. Amuna anga anali atagona pampando, khosi litapindika, kansalu konyowa kadakali m'manja. Atadzuka, mawu anga oyamba anali owafunsa chifukwa chomwe anasiyira beseni pakhomo. Mpaka lero zimandipweteka. Mulungu anandiyankha kudzera m'manja amene aja, ine osawaona n'komwe.

Inde unali udindo wawo. Koma ntchito za mkazi wa pa Miyambo 31, kudzuka kusanache, kudyetsa a m'nyumba mwake, nazonso n'za tsiku ndi tsiku, komabe pa ndime 28 mwamuna wake akumutama. Nayenso Paulo, pa Aroma 16:3-4, sakuchita manyazi kuthokoza anthu, Priska ndi Akula, omwenso anali banja.

Chimodzi chokha ndisachisiye: ngati m'nyumbamo muli nkhanza, kuthokoza sikutanthauza kukhala chete. Akolose 3:19 yomwe ija ikuletsa amuna kuwawira mtima akazi awo. Zikatero uzani munthu amene mumamudalira.

Ngati zotere mulibe, mawa mukamaliza kuwerenga musafulumire kutseka Baibulo. Kumbukirani chinthu chimodzi chomwe bambowo anachita dzulo, muwauze pochitchula. Ine ndinayamba ndi za usiku uja, patadutsa miyezi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anangoti, "Ndimayesa sunaone."