Waya wakuda pa Honda si wa ethi, musamumange ku fulemu

Achimwene, mwati mwadzutsa njinga yamoto ya malemu bambo anu, Honda CG125 yakale ya batire la 6V, koma mukayatsa indiketa nyali yakumbuyo nayonso ikuphethira, mababu akungopsa, ndiye mukufuna kusonkhanitsa mawaya onse akuda muwamange ku fulemu poganiza kuti ndiwo a ethi, obwezera magetsi ku batire podzera m'chitsulo cha njinga. Chonde musatero. Pa Honda waya wakuda ndi amene amatenga magetsi pa kiyi mukatsegula, kupita nawo ku hutala, indiketa ndi nyali ya mabuleki. Mukamugunditsa ku chitsulo kiyi atatsegulidwa fyuzi ipsa nthawi yomweyo, ndipo ngati wina anachotsa fyuziyo n'kuikapo kawaya, mawaya onse asungunukira pansi pa thanki ya petulo.

Wa ethi pa Honda ndi wobiriwira. Wofiira amachokera ku batire ndipo amakhala ndi moto ngakhale kiyi ali m'thumba. Wa olenji ndi wa indiketa yakumanzere, wabuluu wowala ndi wa yakumanja, wotuwa amachokera pa kabokosi kophethiritsa indiketa, wabulawuni ndi wa nyali yakumbuyo, wobiriwira wa mzere wachikasu ndi wa nyali ya mabuleki. Womalizayu amapusitsa anthu ambiri, chifukwa akafwifwa amaoneka ngati wa ethi. Chimene chimasokoneza amakaniko ena n'chakuti kampani iliyonse ili ndi mitundu yake: pa Yamaha, monga DT125 kapena AG100, wakuda ndiye wa ethi, pa Suzuki ndi wakuda wa mzere woyera, pa Kawasaki wakuda wa mzere wachikasu. Amene ali ndi BSA kapena Triumph yakale asamale koposa, poti zambiri mwa zimenezo mbali ya + ya batire ndiyo imamangidwa ku fulemu.

Komabe njinga ya zaka zoposa 30 yadutsa m'manja ambiri, ndipo aliyense amalumikiza ndi waya amene wamupeza. Choncho mtundu muziutenga ngati poyambira chabe. Umboni weniweni mudzaupeza poyeza.

Zida zake n'zosavuta: mita ya magetsi yotchipa imene amagulitsa mumsika waukulu wa Mzuzu, ndi babu la indiketa la 6V lolumikizidwa ku mawaya awiri. Yambani mwachotsa waya wa – pa batire. Chotsani mpando ndi thanki, tsegulani nyali yakutsogolo, ndipo musanasolole kalikonse jambulani ndi foni. Mita muiike poliza kabelu, nsonga imodzi pa chitsulo cha injini chopanda penti, inayo pa waya amene mukumukayikira.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Kulira kwa mita sikutanthauza kuti mwapeza ethi. Kawaya ka m'kati mwa babu lozizira sikatchinga magetsi kwenikweni, ndiye waya wopita ku nyali amalizanso mita podzera m'babumo. Ma koyilo a m'kati mwa injini nawonso amachita chimodzimodzi. Kuti musanamizidwe, chotsani mababu onse ndipo solorani polumikizira mawaya ochokera mu injini. Amene adzalizebe mita pamenepo ndiye wa ethi, kupatulapo awiri. Wina ndi wakuda wa mzere woyera, wozimitsira injini: kiyi akatsekedwa amalumikizidwa ku ethi, akatsegulidwa amasiya, ndipo mukamumanga ku fulemu pulagi sidzatulutsa moto mpang'ono pomwe. Winayo ndi wa nyali ya nyutulo, amene amagunda ethi pokhapokha giya ili pa nyutulo. Aliyense amene mwamudziwa mumateni katepi kolembedwa dzina. Mukatero bwezerani batire, ndipo ndi babu lija fufuzani amene ali ndi moto kiyi atatsekedwa, kenako amene akubwera ndi moto kiyi atatsegulidwa.

Za nyali yakumbuyo yophethirayo, ndikukhulupirira kuti ndi ethi yofooka kumbuyoko. Magetsi akachoka m'babu la indiketa ayenera kubwerera ku batire. Njira yawo ikatsekedwa ndi dzimbiri, amadzera m'babu lina lililonse limene lalumikizana nalo, n'chifukwa chake nyali zonse zikuyakira limodzi mofooka. Kuno kwathu vutoli n'lofala. Mvula ya Mzuzu imachedwa kutha, chifunga cha m'mawa chimanyowetsa chilichonse, ndipo njinga yongoima pakhonde imagwira dzimbiri pansi pa mabawuti pomwe diso silifika. Kuyesa kwake n'kwachangu: tengani waya wautali, mbali ina pa – ya batire, inayo mugunditse pa chitsulo chogwira babu lovutalo, indiketa ili yoyatsa. Kuphethira kukalongosoka, mwapeza nthenda. Ndi mita mungathenso kuyeza pakati pa malo awiri omwewo nyali ili chiyakire. Mukaona kupitirira 0.3V, njira ya ethi yaonongeka. Pa njinga ya 6V kutaya theka la volti n'kwakukulu, nyali imachita kufiira.

Pokonza, tsatani waya wobiriwira mpaka pamene wamangidwa ku fulemu, nthawi zambiri pa bawuti yogwira koyilo pansi pa thanki. Masulani, palani ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, mangani zolimba, kenako pakani girisi pamwamba kuti madzi asalowe. Chitani zomwezo pa waya wa – wa batire. Ine ndingawonjezere waya watsopano wobiriwira kuchokera pa bawuti imeneyo kupita ku nyali yakumbuyo, ndi wina kupita m'nyali yakutsogolo. Kudalira kuti magetsi adzadutsa m'mabawuti a madigadi kapena m'mabelingi a chiwongolero odzaza girisi ndiko kumabweretsa nyali zoyaka lero mawa n'kuzima. Ngati fulemu munaipaka penti yatsopano, palaninso pamene injini yakhudzana ndi fulemu.

Mababu opsawo ali ndi chifukwa china. Pa Honda zazing'ono za 6V nyali yakutsogolo imatenga magetsi mu injini mwachindunji, ndiye imayaka injini ikalira basi. Babu limodzi likafa kapena ethi yake ikaduka, mphamvu yonse imathamangira ku otsalawo mukaponda moto, n'kuwapsereza motsatizana. Batire lakufa kapena losalumikizidwa limawonjezera vutoli. Labwino, litapuma, liyenera kuonetsa pafupifupi 6.3V. Ikani mababu onse a 6V a mphamvu imene yalembedwa pa akalewo. Zipangizo zambiri zimene zadzaza m'mashopu chifukwa cha njinga za kabaza ndi za 12V, ndiye werengani zolembedwa pa babu ndi pa kabokosi ka indiketa musanalipire.

Ngati fyuzi ikupsabe mutatha zonsezi, musamangogula ina. Lumikizani babu lanu loyezera m'malo mwa fyuziyo, tsegulani kiyi nyali zonse zili zozimitsa. Likawala kwambiri, pali waya wosupuka amene akugunda chitsulo. Muzisolola malumikizidwe limodzilimodzi mpaka lizime, ndipo muyambire pakhosi pa njinga, pamene mawaya amapindika nthawi zonse mukamakhota.