Nyimbo zikulira kunyumba kokha, ukatuluka zii

Achimwene, mwati mwaika Navidrome, pulogalamu yosandutsa kompyuta kukhala seva ya nyimbo, pa kompyuta yakale, nyimbo zikulira bwinobwino mukakhala pa Wi-Fi ya kunyumba, koma mukangotuluka foni ikuti seva sikupezeka. Seva yanuyo ilibe vuto. Adiresi imene mwalemba m'foni, yoyamba ndi 192.168 ija, imagwira ntchito m'nyumba mokha. Ili ngati dzina loitanirana pakhomo, akunja salidziwa.

Ena muno akuuzani kale kuti mutsegule port 4533, khomo limene Navidrome imalandirira alendo, pa rauta. Musanavutike nazo, lowani kaye m'rautamo muone adiresi ya WAN, imene rauta imalandira kuchokera ku kampani ya intaneti. Ikakhala pakati pa 100.64 ndi 100.127, kapena ikasiyana ndi imene mukuona mukafufuza IP yanu pa intaneti, dziwani kuti kampani yanu inakuikani pa CGNAT, kutanthauza kuti adiresi imodzi mukugawana ndi makasitomala ena ambirimbiri. Zikatero, ngakhale mutsegule port mpaka kuche, palibe chingalowe. Intaneti ya 4G ndi 5G nthawi zambiri imakhala choncho. Ineyo ndinatha masiku awiri ndikuinyoza rauta yanga kuti ndi yakufa, chonsecho inalibe mlandu.

Ngakhale patapanda CGNAT, kusiya khomo pululu sindikukulimbikitsani. Pa intaneti pali makina amene ntchito yawo ndi kugogoda port iliyonse usana ndi usiku, ndipo popanda HTTPS, njira yobisa mauthenga, zonse zimene foni ikukambirana ndi seva zimayenda poyera.

Chimene chinandipulumutsa ndi pulogalamu ya Tailscale. Muike pa seva, muikenso pa foni, mulowe ndi akaunti imodzi. Imamanga kanjira kobisika pogwiritsa ntchito luso la VPN lotchedwa WireGuard, ndipo chipangizo chilichonse chimalandira adiresi yakeyake yosasintha. Nayonso imayamba ndi 100, musaisokoneze ndi ya CGNAT ija. Adiresi ya seva imeneyo ndi imene mulembe mu app ya nyimbo, kumapeto muwonjezere :4533, basi. Rauta simuikhudza n'komwe. Kuipa kwake n'kwakuti Tailscale iyenera kukhala yoyatsa m'foni, ndipo wachibale akafuna kumvera nawo ayenera kuikanso kwake. Amene muli pa Jellyfin, pulogalamu ina ya seva, njira ndi yomweyi, port yokha ndi 8096.

Tsono zikalumikizana, mudzakumana ndi china: nyimbo kudukaduka. Anthu amayang'ana liwiro lokokera zinthu, pomwe apa chofunika ndi liwiro lotumizira, upload ya kunyumba, chifukwa seva ndiyo ikutumiza. Ngati nyimbo zanu ndi FLAC, mtundu wa fayilo wosataya kamvekedwe kalikonse, ola limodzi limadya kupitirira 300 MB. Nyimbo zomwezo zikasinthidwa kukhala Opus, mtundu wa fayilo wopepuka, pa 128 kbps, ola limodzi silifika ndi 60 MB yomwe. Navidrome imatha kusintha nyimbo pomwe ikutumiza, bola ffmpeg, pulogalamu yosinthira mafayilo, ikhalepo pa seva. Mu app ngati Symfonium ya Android mutha kuuza foni kuti pa Wi-Fi izikoka FLAC, pa data izikoka Opus. Kunena zoona, muli m'galimoto kapena pamsewu ndi timahedifoni, kusiyanako simungakumve. Amene akuti amakumva ndimangowasiya. Nyimbo zimene mumabwereza tsiku ndi tsiku zisungeni m'foni momwemo mukadali pa Wi-Fi, netiweki ikathawa zizilirabe.

Kena kamene kanandichititsa manyazi: kompyuta yakale imagona yokha ikakhala osagwiritsidwa ntchito. Muzimitse sleep. Mu BIOS, masetingi olowamo kompyuta ikamangoyaka, mufufuzenso pamene pamati kompyuta idziyatse yokha magetsi akabwera, ndipo muonetsetse kuti Navidrome ndi Tailscale zikudzuka zokha makina akayaka. Kupanda kutero, magetsi akangophethira muli kutali, mudzachita kuimbira foni kunyumba kupempha wina akadine batani.

Tiuzeni manambala awiri oyamba okha a adiresi ya WAN, osati yonse, tione ngati ndi CGNAT.