Musamagawe fayilo imodziimodzi, pangani malo ogawana

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mukuti ku ofesi kwanu mumagwiritsa ntchito SharePoint, pulogalamu ya Microsoft yosungira ndi kugawana mafayilo, ndipo a zachuma akufuna aziona makontrakiti omwe amasungidwa ndi a HR (oona za ogwira ntchito), koma mukawatsegulira foda yonse akuonanso malipiro a anthu ndi makalata a chenjezo. Ndiye mwayamba kuwapatsa fayilo imodziimodzi, ndipo zakutopetsani.

Chonde njira imeneyo isiyeni zisanafike poipa. Mu SharePoint fayilo imatengera chilolezo ku foda yake, fodayo imatengera ku laibulale (nkhokwe yosungiramo mafoda ndi mafayilo), laibulale nayo ku saiti (tsamba lomwe laibulaleyo ilimo). Mukapatsa munthu wa dipatimenti ina fayilo payokha, mwadula chingwe chimenechi, ndipo fayiloyo imayamba kuyendera malamulo akeake. Akakhala mafayilo asanu palibe vuto. Akachuluka, palibe amene angakuuzeni kuti ndani akuona chiyani. A Microsoft eni ake amalangiza kuti zinthu za chilolezo chapadera mu laibulale imodzi zisapitirire 5,000, ngakhale malire ake ndi 50,000. Koma mutu wanu udzakhala utazungulira kale musanafike pa 200.

Ine zinandionekera komwe ndinkagwira ntchito kale. Mnzathu wina anasamutsidwa kuchoka ku zachuma kupita ku dipatimenti yogula katundu. Patapita miyezi anabwera yekha pa desiki yanga, laputopu ili m'manja, nandionetsa fayilo ya malipiro a mabwana ikutseguka bwinobwino. Anali munthu wachilungamo, n'chifukwa chake tinadziwa. Ndinatha masiku awiri ndikudina Manage access pa fayilo iliyonse kufufuza dzina lake, mtima uli m'mwamba, poganiza kuti mwina alipo enanso amene sanabwere kudzanena.

Chitani chonchi. Tsegulani laibulale yatsopano ya makontrakiti okhaokha, yosiyana ndi ya a HR. Pamenepo dulani chingwe chija kamodzi kokha, pamwamba pa laibulale, kenako perekani chilolezo ku magulu osati kwa anthu. Gulu la HR lizitha kusintha mafayilo, gulu la zachuma lipatsidwe Read, chilolezo chongowerenga basi. Munthu akasamuka, mumangomuchotsa m'gulu, zitseko zonse n'kutsekeka nthawi imodzi. Ngati a IT ali kale ndi magulu a madipatimenti mu Microsoft Entra ID (kaundula wa maakaunti a ogwira ntchito), yomwe mpaka 2023 inkatchedwa Azure Active Directory, gwiritsani ntchito omwewo kuti musamasunge mayina pawiri.

Pali kanthu kamene ambiri sakadziwa. Gulu la Members, lomwe SharePoint imapangiratu la mamembala a saiti, limabwera ndi chilolezo cha Edit, ndipo wa Edit angathe kufufuta laibulale yonse. Chilolezo china, cha Contribute, chimalola munthu kuika, kusintha ndi kufufuta mafayilo, koma laibulaleyo sangaichotse. Kwa ogwira ntchito ambiri Contribute ndi yokwanira. Inde zofufutidwa zimakhala mu Recycle bin masiku 93, koma si chinthu choti muzidalira.

Malinki nawonso achenjereni. Linki ya Anyone imatseguka kwa aliyense amene yamufikira, ngakhale wakunja. Ya anthu a m'kampani mwanu imatseguka kwa wantchito aliyense amene wina wamutumizira, kaya ndi wa dipatimenti iti. Pa makontrakiti sankhani ya anthu otchulidwa mayina, kapena auzeni angolowa mu laibulale.

Mafayilowo muwasamutse, musawakope, kuopa kuti a zachuma angamalipire potengera kontrakiti yakale pomwe a HR anasintha kale yawo. Mukamaliza pitani pa Check Permissions, poonera zilolezo za munthu, lembani dzina la munthu mmodzi wa zachuma muone zomwe akuloledwa. Ine ndimapitanso kukakhala pambali pake n'kumupempha ayese kutsegula foda ya malipiro ine ndikuona.

Ndipo wovomereza kuti uyu alowe m'gulu akhale mkulu wa HR, chifukwa mafayilowo ndi awo. Inu musasenze udindo umenewo nokha. Apempheni azikulemberani imelo pa dzina lililonse, ndipo miyezi itatu iliyonse muziwatumizira mayina a omwe ali m'magulu awiriwo kuti achonge.