Chiikireni Windows 11, pulinta ndi sikana zasiya kugwira ntchito. Kodi laputopu yatha?

Mayi wina yemwe ali ndi kashopu kotaipa, kusindikiza ndi kupanga fotokope wandilembera imelo. Ndaifupikitsa chonchi:

"Laputopu yanga inali ndi Windows 7. Mnyamata wokonza makompyuta anati imeneyo inatha ntchito, komanso inali 32-bit, ndiye anandiikira Windows 11. Kungoyambira tsikulo pulinta sikusindikiza, sikana sikuoneka n'komwe, zinthu pa sikirini zatambalala, ndipo kapulogalamu kolembera malisiti kakukana kutseguka. Ikuchedwanso kuyaka. Ndibwerere ku Windows 7, kapena ndiyambe kusunga ndalama yogulira ina?"

Anatumizanso chithunzi choonetsa kuti purosesa yake ndi Core i3-2350M, RAM ndi 4GB.

Mayi, mtima ukhale m'malo, laputopu yanu sinafe. Mavuto ambiri mwatchulawa ndi a mapulogalamu, palibe chapsa mkatimo. Mnyamatayo sananame pa nkhani ya Windows 7. Microsoft inasiya kuitumizira zigamba zachitetezo pa 14 Januwale 2020, ndipo Chrome yomaliza kuyenda pa Windows 7 ndi 109, ya kumayambiriro kwa 2023. Pamene sindikugwirizana naye m'pa kulumphira Windows 11 asanafunse kuti ndi zipangizo ziti zimene zimakubweretserani ndalama pa shopupo. Onani nambala ija, 2350M. Nambala yoyambayo, 2, ikutanthauza kuti purosesa ndi ya m'badwo wachiwiri, ya mu 2011. Windows 11 imafuna ya Intel kuyambira m'badwo wachisanu ndi chitatu, pamodzi ndi kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0. Ndiye kuti anachita kuzembetsa, mwina ndi pulogalamu ngati Rufus imene imalola kudumpha malamulowo. Imayenda ndithu, koma Microsoft inanena poyera kuti kompyuta yotere siikulonjezedwa kulandira zigamba.

Tisanapite patali, mafayilo anu ali kuti? Kuchoka pa Windows ya 32-bit (kapangidwe kakale) kupita pa ya 64-bit (kapangidwe katsopano) sikutheka pongokweza pamwamba pa yakale, Windows imaikidwa mwatsopano. Choncho batani lija la Go back, limene limalola munthu kubwerera ku Windows yakale pasanathe masiku 10, kwa inu silithandiza. Tsegulani C: muone ngati muli foda ya Windows.old. Ngati ilimo, lowani mu Users, mukopere zonse pa fulashi kapena pa hard disk ina lero lomwe, chifukwa foda imeneyi imatha kufufutika yokha. Musaiwale kuyang'ana mu Program Files ya m'menemo foda ya kapulogalamu ka malisiti. Mapulogalamu akale ambiri ankasunga zolemba zawo m'foda yawo momwemo, osati mu Documents, ndipo m'menemo ndi mmene muli mbiri ya amene munawakongoza.

Tsopano gwero la mavuto anu atatu. Chipangizo chilichonse, kaya pulinta, sikana kapena chimene chimajambula zinthu pa sikirini, chimafuna kapulogalamu kake kolumikizira ndi Windows, kotchedwa driver. Driver wa 32-bit salowa pa Windows ya 64-bit ngakhale mutachita bwanji, zili ngati kumanga nati pa bawuti ya mazinga ena. Ndipo Windows 11 ilipo ya 64-bit yokha. CD imene inabwera m'katoni ya sikana yanu mwina ili ndi ma driver a 32-bit okhaokha, n'chifukwa chake mukaiika imangozungulira kenako n'kukana.

Dzionereni nokha. Dinani batani lakumanja la mausi pa Start, musankhe Device Manager. Chilichonse chimene chili ndi kachizindikiro kachikasu ka makona atatu chilibe driver. Ngati changolembedwa kuti Unknown device, tsegulani Properties, kenako Details, musankhe Hardware Ids. Muona mzere wokhala ndi VEN_ ndi manambala kapena zilembo zinayi zoimira kampani yopanga: 8086 ndi Intel, 10EC ndi Realtek, 14E4 ndi Broadcom. Za pa USB zimayamba ndi VID_. Mzere umenewo mukaulemba pa Google mudziwa dzina lenileni la chipangizocho.

Za sikirini n'zosavuta kwenikweni. Pansi pa Display adapters mupeza kuti palembedwa Microsoft Basic Display Adapter, amene ndi driver wongogwirizira. Laputopu yanu ili ndi Intel HD Graphics 3000, ndipo Intel sinaitulutsire driver wa Windows 10 kapena 11. Komabe nthawi zambiri Windows Update imabweretsa wakale amene amagwira bwino. Pitani ku Advanced options, kenako Optional updates, muone pa ma driver. Zikakanika, driver wa Windows 7 kapena 8 wa 64-bit wochokera pa webusayiti ya amene anapanga laputopuyo kawirikawiri amalowa.

Pulinta ndiyo ndikufuna tiikhalire pansi, poti ndiyo mtima wa shopu yanu. Mapulinta akuluakulu a mu ofesi amamva chinenero cha PCL kapena PostScript, ndiye ngakhale driver wamba amawayendetsa. Koma timapulinta tating'ono ta laser, totchipa tija tadzaza m'mashopu otaipa, tambiri tilibe nzeru yokonzera tsamba patokha. Ntchito yonse imachitikira mu kompyuta, pulinta imangolandira timadontho toti ithire tona. Yotereyi popanda driver wakewake siisuntha, ngakhale Windows itaonetsa dzina lake. Chitani izi mwa ndondomeko yake. Zulani chingwe cha USB. Mu Printers & scanners chotsani pulinta imene yalembedwamo. Pa webusayiti ya kampani yopanga pulintayo lembani nambala yake, musankhe Windows 10 64-bit ngati ya 11 palibe, ndipo ngati imeneyonso palibe tsikirani ku 8.1 kapena 7, bola ikhale 64-bit. Yambani mwaika driver, chingwe mulumikize pokhapokha pulogalamuyo yakuuzani kutero. Anthu ambiri amalakwitsa pamenepa: amalumikiza chingwe poyamba, Windows n'kuipatsa driver wolakwika, ndiye n'kumakakamira yemweyo.

Ngati pulogalamu yoikira ikukana kutseguka ponena kuti siidziwa Windows imeneyi, musataye mtima. Masulani fayiloyo ndi pulogalamu ya 7-Zip, mu Printers & scanners mupite ku Add manually, musankhe doko la USB001, kenako Have Disk, muloze fayilo yothera ndi .inf. Ikatha, tulutsani tsamba loyesera. Likatuluka, mwapambana. Likangokhala pa mzere osatuluka, onani mu Printer properties pa Ports ngati sichinasankhe LPT1, doko lakale limene laputopu yanu ilibe n'komwe.

Ndikupempheni chinthu chimodzi ndi mtima wonse: musadawunilode mapulogalamu aja olonjeza kuti akupezerani ma driver onse kamodzin'kamodzi, kapena kudina mabatani akuluakulu obiriwira a pa mawebusayiti osadziwika. Ambiri amabwera ndi zotsatsa malonda ndi mavairasi, ndipo mu kompyuta yanu mumadutsa ma CV, makalata ndi zithunzi za zitupa za anthu.

Pa sikana sindikunamizani, mwayi ndi wochepa kuposa pa pulinta. Masikana ambiri a zaka za Windows XP ndi Vista sanapangiridwe driver wa 64-bit, makampani anangowasiya. Yesani njira yomweyo ya pa webusayiti. Ngati palibe, pali pulogalamu ya VueScan imene ili ndi ma driver akeake a masikana akale ambirimbiri. Ndi yogula, koma imalola kuyesa ulere, kungoti chithunzi chimatuluka ndi chidindo. Yesani kaye muone ngati sikana yadzuka, kenako muyerekeze mtengo wake ndi wa sikana ina yogwiritsidwapo kale ntchito.

Kapulogalamu ka malisiti kali ndi nkhani ina. Mapulogalamu a 32-bit amayenda bwinobwino pa Windows ya 64-bit, vuto lija la nati ndi la ma driver okha. Ndiye dinani batani lakumanja pa kapulogalamuko, Properties, Compatibility, musankhe Windows 7 kapena XP, muchongenso Run this program as an administrator. Kakadandaula za .NET Framework 3.5, fufuzani Turn Windows features on or off, muchonge pamenepo muli pa intaneti. Koma kakati "This app can't run on your PC", n'kutheka kuti ndi ka 16-bit, kapena choikira chake ndi cha 16-bit. Zimenezo Windows ya 64-bit siiyendetsa, ndipo Compatibility siithandizapo.

Kuchedwa kuyaka, tsegulani Task Manager muone mzere wa Disk. Ndikukhulupirira kuti mupeza 100% nthawi yaitali. Hard disk yozungulira ija singakwanitse mmene Windows yatsopano imawerengera ndi kulemba mosalekeza. SSD (diski yosazungulira, yothamanga kwambiri) ya SATA ya mainchesi 2.5 imalowa pamalo pomwepo, ndipo pa ndalama zonse zimene mungaononge pa laputopu imeneyi, iyi ndi imene mudzaione phindu lake tsiku lomwelo. RAM ya DDR3 mukaifikitsa 8GB zithandizanso, 4GB ndi mlingo wotsikitsitsa umene Windows 11 imalola. Ngati mumalumikiza intaneti kudzera pa foni, tsegulani Metered connection pa Wi-Fi imeneyo, apo ayi bandulo ya mwezi itha musanaidziwe. Ndipo poika chilichonse chachikulu, batire ikhale yodzaza, magetsi akazima pakati zimasokoneza zambiri.

Nanga mubwerere ku Windows 7? Pa kompyuta imene imalowa pa intaneti ndi kulandira mafulashi a makasitomala tsiku ndi tsiku, ayi. Kavairasi kaja kosandutsa mafoda kukhala ma shortcut kamayenda pa fulashi, sikafuna intaneti.

Chimene ndingachite ndikanakhala inu n'kulola pulinta ndi sikana kuti zisankhe. Zonse zikadzuka pa Windows 11, khalani pomwepo, ikani SSD. Ingodziwani kuti mtundu uliwonse wa Windows 11 Home kapena Pro umathandizidwa miyezi 24, ndipo pa kompyuta yozembetsa mtundu watsopano nthawi zambiri subwera wokha, wina ayenera kudzauika pamanja. Lembani winver pa Start muone umene muli nawo, muulembe penapake.

Ngati sikana ndi malisiti zakaniratu, ndipo simungagwire ntchito popanda izo, pali Windows 10 ya 32-bit, yomaliza ya mtunduwo. Ma driver a Windows 7 32-bit ambiri amalowapo, ndipo mapulogalamu a 16-bit imawayendetsa mukatsegula NTVDM mu Turn Windows features on or off. Koma ili ndi malire awiri. Imaona RAM yosafika 4GB, ndiye kuwonjezera RAM kumakhala kutaya ndalama. Chachiwiri, thandizo la Windows 10 linatha pa 14 Okutobala 2025, ndipo ndondomeko yopitiriza kulandira zigamba zachitetezo (ESU) ya anthu wamba, imene imafuna mtundu wa 22H2, inaikidwa kuti ifike pa 13 Okutobala 2026 basi. Imeneyi ndi njira yogulira nthawi pamene mukusamutsira malisiti ku Excel ndi kusunga ya sikana ina.

Linux Mint, pulogalamu yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, nayo musainyoze. Ndi yaulere, mtundu wa 22 uzithandizidwa mpaka 2029, ndipo mapulinta ndi masikana akale ambiri imawazindikira yokha. Ubwino wake mutha kuiyesa kuchokera pa fulashi osakhudza Windows: yatsani, lumikizani pulinta ndi sikana, muone. Chondikayikitsa pa shopu ngati yanu n'chakuti LibreOffice, imene mungamataipire m'malo mwa Word, nthawi zina imasuntha matebulo ndi mizere ya fayilo ya Word, ndipo kasitomala amene wabwera ndi CV yake safuna kumva zimenezo. Yesani ndi mafayilo enieni a makasitomala musanasankhe. Kapulogalamu ka malisiti nakonso sikangotseguka pamenepo.

Mnyamata uja mumuitanenso, koma ulendo uno abwere ku shopu, osati inu kumupititsira laputopu yokha. Asanyamuke asanatulutse tsamba pa pulinta ndi kujambula pepala pa sikana inu mukuona. Pakadali pano nditumizireni dzina ndi nambala za zipangizo ziwirizo, zalembedwa pa kasitika kumbuyo kapena pansi, pamodzi ndi uthenga weniweni umene kapulogalamu ka malisiti kakuonetsa. Ndikuuzani ngati driver wa 64-bit alipo musanaononge bandulo pofufuza.