Nkhuku zanenepa koma mazira palibe, vuto ndi chimanga?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe, akuti ali ndi nkhuku zachikuda 12 ndi tambala mmodzi kuseri kwa nyumba, amaziwazira chimanga chosagaya m'mawa ndi madzulo, nkhukuzo zanenepa bwinobwino koma kuikira kwatsika, mazira ena akumatuluka ofewa chikamba, ndiye anapiye nawo akungokhala onyentchera. Anafunsanso ngati angazipatse chimanga chowola chomwe anasankha pokolola, poti kutaya akumva chisoni.

Mayi, zikomo polemba. Inetu ndiyambe ndi kunena kuti nkhuku zanuzo mukuzidyetsa nsima yopanda ndiwo. Chimanga chimapereka mphamvu ndi mafuta, koma zomanga thupi zilimo pang'ono, 8 kapena 9 peresenti basi, pomwe thadzi loikira limafuna cha m'ma 16 mpaka 18, mwanapiye 20 kapena kuposa. Kumudzi nkhuku imapulumuka chifukwa imayenda tsiku lonse kupalasa, apa chiswe, apa chiwala, apo nyongolotsi, ndiwo imadzipezera yokha. Koma pa poloti ya m'tauni yotchingidwa ndi mpanda wa njerwa, pansi posesedwa tsiku ndi tsiku, ipalasa chani? Ndiye imangokhuta chimanga nkumanenepa, ndipo thadzi likachita mafuta ambiri m'mimbamu kuikira kumachepa. Nanenso zinandichitikira, ndinapha limodzi poganiza kuti lakalamba, kutumbula ndinangopeza mafuta achikasu okhaokha, mazira ake tingoting'ono ngati mikanda.

Chimanga chosagaya nkhuku yaikulu imadya popanda vuto bola ipeze timiyala ndi mchenga, chifukwa nthutumba ndi imene imapera, ndiye chigayo chake chimenecho. Kwa anapiye ayi. Pitani nacho kuchigayo muwauze angochiswa chikhale ngati misere, osati ufa wosalala ngati wa nsima, ufa umauluka, umamata kukamwa, ndipo theka limangothera pansi. Ubwino wina wochiswa ndi woti chimasakanikirana ndi zinazo, apo ayi nkhuku ndi yochenjera, imatola maso a chimanga okhaokha nkusiya zonse.

Ine ndimasakaniza chonchi, poyeza pa sikelo osati pa ndowa chifukwa madeya ndi opepuka amanamiza: makilo 4 chimanga choswa, makilo 3 madeya, makilo 2 soya wokazinga, ndi theka la kilo bonya kapena zinyenyeswa za usipa zotsalira pansi pa dengu zija, ogulitsa pamsika amapereka motchipa mukacheza nawo bwino. Mchere masipuni awiri okha, ndipo ngati nsombayo ndi yamchere kale musathirenso. Soyayo chonde mukazinge kaye, wamuwisi ali ndi zinthu zolepheretsa chakudya kugayika m'mimba, anapiye amatsegula nkusiya kukula. Moto wapakati, kumatakasa mpaka afiirire ndi kununkhira ngati mtedza, akapserera mwaononganso. Thadzi limodzi lotsekeredwa limadya magalamu pafupifupi 110 kapena 120 patsiku, ndiye zanuzo kilo imodzi ndi theka ikukwana, zikamatuluka kukapalasa chepetsani.

Za mazira ofewa zija, kumeneko ndi kuchepa kwa kashiamu, mchere wopanga chikamba cha dzira, m'chimanga mulibe kwenikweni. Zikamba za mazira musataye, ziumitseni pamoto muzisinje bwino kuti nkhuku zisazizindikire, apo ayi ziphunzira kujompha mazira awo omwe ndipo chizolowezi chimenecho sichitha msanga. Zigoba za nkhono zowotcha ndi kusinja nazonso ndi zabwino. Ikani m'kachitini kapadera pakona pa khola, yofuna idzadya yokha. Muziponyeranso masamba, bonongwe, chisoso, nkhwani, zotsala za kabichi, chifukwa chimanga chathu choyerachi chimapangitsa chapakati cha dzira kukhala chotuwa, masamba kapena chimanga cha olenji chija ndi zimene zimabweretsa chikasu.

Tsopano chowolacho. Mayi, kwirirani kapena muwotche, chisoni chisakugwireni. Chimanga chochita chuku chimatha kukhala ndi poizoni wotchedwa aflatoxin, amaononga chiwindi, nkhuku zimasiya kuikira, zimagwidwa matenda msanga, anapiye amafa, ndipo kuphika kapena kuyanika padzuwa sikumuchotsa. Anthu ambiri timaganiza kuti chokana munthu ndi cha nkhuku, koma dzira lake ndi nyama yake tidya ndife tomwe. Chofumbwa ndi anankafumbwe chokha, chouma bwino chosanunkha, chimenecho zipatseni, anankafumbwewo ndi ndiwo kale. Koma chimene mwangothira kumene mankhwala a anankafumbwe a Actellic dikirani nthawi yolembedwa pa botolo. Madeyanso samalani nawo, ochokera kuchigayo amakhala a chinyezi chifukwa chimanga amachinyowetsa pokonola, mukangomanga m'thumba mawa lake mupeza atentha, patapita masiku awumbana. Yanikani pa mphasa kaye aume gwa. Ndipo gulani ambiri nthawi imene anthu akukonola, ikafika January ndi February mumalimbirana ndi oweta nkhumba, a ng'ombe zamkaka ndi otcheza kachasu, mtengo wake mudabwa.

Madzi oyera asamasowe, nkhuku ikakhala ndi ludzu imachepetsa kudya. Komanso chakudya chabwino sichiletsa chitopa, katemera wa I-2 wodonthetsa m'diso uja muzipereka miyezi itatu kapena inayi iliyonse, alangizi a ziweto a kwanuko akuuzani kopeza.

Musasinthe zonse tsiku limodzi, yambani theka zakale theka zatsopano kwa sabata, ndipo chimanga chosagayacho chitsale cha madzulo kadzanja kamodzi koziitanira kukhola. Pakatha sabata zitatu mundilemberenso mundiuze mazira mukutola angati, makamaka ndikufuna ndimve za anapiyewo.